Mafunso ndi mayankho: kudzala ndi kusamalira gloxinia kuchokera ku mbatata yake

Mafunso awa ndi omwe anthu amandifunsa mobwerezabwereza, nde ndangowasonkhanitsa pamodzi. Ndikamanena kuti mbatata ndikutanthauza chimuzu chonenepa chija chomwe chimakhala pansi pa duwali, ndiye musadabwe nalo liwulo.

Kodi gloxinia ndi duwa lanji, ndipo linachokera kuti?

Ndi duwa la mumphika, lalifupi, masamba ake akuluakulu aubweya, maluwa ake ngati belu loyang'ana kumwamba ndipo ukawakhudza amamveka ngati nsalu ya veleveti. Kwawo kwenikweni ndi ku Brazil, komwe limamera pamiyala ndi m'malo otsetsereka a m'nkhalango za chinyontho, mumthunzi. Ndi pachibale ndi African violet, onse ndi a banja la Gesneriaceae, nde ngati munasungapo violet zambiri pano simuzipeza zachilendo.

Dzina lake la sayansi ndi Sinningia speciosa. Litafika ku England, Conrad Loddiges analipatsa dzina loti Gloxinia speciosa mu 1817, ndipo liwu loti Gloxinia ndi lokumbukira dokotala wina wokonda zomera, Benjamin Peter Gloxin. Pambuyo pake akatswiri analisamutsira mugulu la Sinningia, dzina lochokera kwa Wilhelm Sinning yemwe ankasamalira munda wa zomera ku Bonn, koma anthu anali atazolowera kale gloxinia ndipo mpaka lero silinachoke pakamwa. La kutchire maluwa ake ndi ang'ono, opepo, ozyolika. Oyang'ana kumwambawa anayamba kuoneka m'ma 1840 ku Scotland, ndipo mitundu yomwe tikusunga lero inachokera mumzere umenewo. Mwa mitundu yakale yogulitsidwa ngati mbatata mupeza Kaiser Friedrich, wofiira wam'mphepete moyera, Kaiser Wilhelm wopepo wam'mphepete moyera, ndi Mont Blanc woyera yense.

Mbatata yabwino ndiizindikira bwanji?

Ifinyeni pang'ono ndi zala. Yabwino imakhala yolimba, yolemererako. Yofewa, yonunkha, yachuku kapena yopepuka ngati chikhokho isiyeni. Makwinya pang'ono si vuto, yangouma chabe ndipo imafufumanso ikamva chinyontho. Yaikulu imabereka maluwa ambiri kuposa yaing'ono, bola ikhale masentimita 4 kupita kutsogolo. Ikakhala yoti timphukira tayamba kale kusuzumira, imeneyo ndi yomwe mutenge.

Kumwamba kwake ndi kuti? Ndikuona ngati mbali zonse ndi zofanana

Funso ili limabwera kuposa ena onse. Mbali yomwe yalowa mkati ngati kambale, yomwe nthawi zambiri imakhala ndi kachipsera ka tsinde lakale kapena timphukira tapinki taubweya, ndiyo ya kumwamba. Mbali yobulungira, yosalala, ndiyo ya pansi. Chimasokoneza anthu ndi timizu touma, chifukwa gloxinia imatulutsa mizu yambiri m'mbali ndi chakumwamba, osati pansi ngati mmene timaganizira, nde munthu akaona timizu amati uku ndiye pansi n'kuidzala chadodolido.

Ngati simukuzindikirabe musaombeze. Iikeni pamwamba pa dothi lachinyezi osaikwirira, pamalo ofunda, muphimbe ndi pulasitiki yoonekera mkati yobooledwa pang'ono. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri imakuuzani yokha, mphukira zikatuluka mbali imeneyo ndiye kumwamba.

Mphika wake ukhale wotani, nanga dothi?

Mphika wamfupi, wotakata, wokhala ndi zibowo pansi. Kwa mbatata yapakati masentimita 12 mpaka 15 kukamwa kwake ndi okwanira, kapena kungoti pakati pa mbatata ndi khoma la mphika pakhale mpata wa zala ziwiri. Anthu amakonda kuipatsa chimphika chachikulu poganiza kuti akuichitira chifundo, koma dothi lomwe mizu sinafikeko limasunga madzi masiku ambiri ndipo kuola kumayambira pomwepo.

Dothi likhale lopepuka, lotayana, lotulutsa madzi msanga, la asidi pang'ono, pH ya pakati pa 5.5 ndi 6.5. Lija logulitsidwa la African violet limachita bwino. Mukafuna kusakaniza nokha, tengani magawo awiri a peat (dothi lopepuka la zomera zoola m'madambo) kapena masamba oola bwinobwino mpaka kusanduka dothi lakuda, gawo limodzi perlite (timiyala toyera topepuka) kapena mchenga wamiyalamiyala wotsuka. Dothi lamakande, lija lomata likanyowa n'kuuma gwa, ayi ndithu. Njira yoyesera ndi yosavuta, linyowetseni pang'ono, lifumbateni, kenako tambasulani dzanja. Likagumuka mukaligunda ndi chala ndi labwino, likakhala chibuma onjezerani mchenga.

Ndiikwirire mozama bwanji?

Osati mozama. Ine ndimaiika moti pamwamba pake pafanane ndi dothi, kakumba kaja kolowa mkati ngati kambale kakuonekera, ndipo mphukira zikatalika masentimita awiri kapena atatu ndi pomwe ndimawaza dothi lina la sentimita imodzi pamwamba. Thirirani pang'ono m'mphepete mwa mphika, madzi asalowe m'kakumbako chifukwa akakhazikika mmenemo mbatata imaola isanayambe n'komwe. Masabata oyambawa ilibe masamba oti amwe madzi, nde dothi lingokhala lachinyezi basi, osati lonyowa. Zambiri za madzi zili pafunso la kathiriridwe.

Imatenga nthawi yaitali bwanji kuti imere ndi kumasula?

Pamalo ofunda, madigiri 20 mpaka 24, mphukira zimaoneka pakati pa sabata ziwiri ndi zinayi, ina yaulesi imatha kupitirira mwezi ndipo si kuti yafa. Maluwa muwayembekezere pakatha miyezi itatu kapena inayi chidzalireni, ndipo ikayamba kumasula imapitiriza kwa miyezi pafupifupi iwiri, duwa lina likufota lina likutseguka. Chonde musamaifukule kuti muone ngati yagwira, timizu take tatsopano timaduka msanga.

Mphukira zatuluka zambiri, ndisiye zonse?

Zili kwa inu. Mukasiya imodzi yamphamvu mumapeza chomera chooneka bwino, masamba atayala mozungulira, maluwa akuluakulu atasonkhana pakati. Mukasiya ziwiri kapena zitatu maluwa amachuluka koma amachepako kukula, ndipo masamba amapanikizana. Kupitirira zitatu ine sindimalola. Zomwe mwachotsazo musataye, zidzaleni padera, zimagwira mizu.

Ndiiike pati m'nyumba? Imafuna dzuwa?

Imafuna kuwala kwambiri koma osati dzuwa loiwomba mwachindunji. Pawindo lolandira dzuwa la m'mawa ndi pabwino kwambiri. Ngati windo lanu limalandira dzuwa la masana ikani katani yopyapyala pakati. Chomeracho chimakuuzani chokha mmene chikumvera, masamba akayala chafufumimba ali obiriwira bwino ndiye kuti zili bwino, akamaimirira ngati akukweza manja ndipo tsinde likutalika lowonda ndiye kuti kuwala kwachepa, akamatuwa n'kuyamba kupsa m'mbali dzuwa lanyanya. Muzizunguza mphika pang'ono masiku angapo aliwonse kuti isapendekere mbali imodzi. Amene mumagwiritsa ntchito magetsi a zomera, maola 12 mpaka 14 pa tsiku amakwana.

Kutentha komwe imakonda ndi madigiri 18 mpaka 24. Kukazizira pansi pa 15 imaima kukula ndipo mizu imaola msanga, kukatentha kupitirira 28 maluwa sakhalitsa. Mphepo ya pakhomo, fani kapena eyakoni yoiuzira mwachindunji imapinditsa masamba.

Ndizithirira kangati pa sabata?

Apa ndiye pamene ma gloxinia ambiri amafera, nde ndikhalapo pang'ono. Palibe nambala ya masiku yomwe ingagwire kwa aliyense, chifukwa mphika wadothi umauma msanga kuposa wapulasitiki, chipinda china n'chotentha china n'chozizira, komanso chomera chodzaza masamba chimamwa kwambiri kuposa chomwe changophuka kumene. Pisani chala m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba. Pakakhala pouma thirirani, pakakhala pozizira ndi chinyezi dikirani mawa. Njira ina ndi kunyamula mphika, mukazolowera dzanja limadziwa lokha kulemera kwa mphika wonyowa ndi wouma.

Kathiriridwe komwe ndimakhulupirira ndi ka pansi. Thirani madzi m'sosala kapena m'beseni laling'ono, ikani mphika mmenemo kwa mphindi 20 kapena 30, mukakhudza pamwamba pa dothi n'kumva kuti chinyezi chafika uchotseni, udonthe kaye, madzi otsala m'sosala mutaye. Osausiya usiku wonse uli m'madzi. Ngati mukuthirira kuchokera pamwamba, nyamulani tsamba ndi dzanja limodzi n'kuthira m'mphepete mwa mphika, pakati pa chomera pomwe masamba akutulukira pasanyowe. Kamodzi pa mwezi ndi bwino kuthira kuchokera pamwamba madzi okwanira mpaka atulukire pansi, kuti atsuke mchere wa feteleza womwe umaunjikana n'kupanga zoyera zouma m'mphepete mwa mphika.

Madzi akhale ofunda ngati mpweya wa m'chipindamo. Ine ndimatunga madzulo n'kuwasiya m'botolo lotsegula mpaka m'mawa. Amvula ndi abwino koposa.

Chinthu chimodzi chimanamiza anthu ambiri. Gloxinia yothiriridwa mopitirira imafota chimodzimodzi ngati yaludzu, chifukwa mizu yoola siingakoke madzi. Nde munthu amaona masamba agwa n'kuthamangira kuwonjezera madzi, kumeneko ndi kumaliza. Ikafota yambani mwakhudza dothi. Likakhala lonyowa pitani pafunso la mbatata yoola.

Masamba ali ndi mawanga otuwa kapena abulauni, ndi matenda?

Kawirikawiri si matenda, ndi madzi ozizira omwe anadonthera patsamba, kapena dontho lomwe linakhala paubweya dzuwa n'kuliwomba. Mawangawo sachoka koma safalikiranso. Pa chifukwa chomwechi musamaipopere madzi ngati mmene timachitira ndi zomera zina za m'nyumba. Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa kouma. Ngati mawangawo ndi ozungulira ngati mphete ndipo akuchulukira masamba atsopano akutuluka opotoka, imeneyo ndi nkhani ina, onani pa tizilombo.

Feteleza ndiyambe liti, wamtundu wanji?

Yambani masamba anayi akatambasuka bwino, osati mbatata itangodzalidwa. Wamadzi wa maluwa a m'nyumba, theka la muyezo womwe walembedwa pabotolo, kamodzi pa masabata awiri, dothi lili lachinyezi kale. Timitu ta maluwa tikayamba kuoneka gwiritsani wokhala ndi phosphorus ndi potassium wochulukirapo. Nitrogen akachuluka mumakolola masamba akuluakulu okongola opanda duwa ndi limodzi lomwe. Maluwa omaliza akatha lekani.

Timitu ta maluwa tikuda n'kuuma tisanatseguke, chikuchitika ndi chani?

Izi zimawawa, munthu wadikira miyezi inayi kenako timitu tonse tikusanduka tabulauni. Choyamba kukayikira ndi mpweya wouma. Kumbukirani kuti kwawo ndi m'nkhalango yachinyontho, nde ikani miyala ing'onoing'ono m'thireyi, thirani madzi osafika pamwamba pa miyalayo, mphika ukhale pamiyala osakhudza madzi. Kuika zomera zingapo moyandikana kumathandizanso. Zina ndi dothi lomwe linauma kwambiri kamodzi timitu tili tating'ono, kutentha kwambiri, kuzizira usiku pawindo, kapena kusamutsa mphika kupita malo amdima timitu titayamba kale. Zonsezi zikakhala bwinobwino, tsegulani kamutu kamodzi muone ngati mulibe tizilombo totchedwa thrips.

Maluwa atha, ndichite chani tsopano?

Duwa lililonse likafota lichotseni ndi kaphesi kake mpaka kutsinde, lisaolere pakati pa masamba. Onse akatha koma masamba adakali obiriwira mwamphamvu mutha kuyesa kuti ibereke kachiwiri, dulani tsinde n'kusiya masamba awiri a pansi, pitirizani kuthirira ndi kupatsa feteleza, mphukira zatsopano zimatuluka m'khwapa mwa masambawo. Maluwa achiwiriwa amakhala ochepa komabe ndi maluwa. Ngati mbatata ili yaing'ono ine ndimalangiza kusaikakamiza, isiyeni masamba ake onse aidyetse inenepe.

Masamba onse achita chikasu n'kuuma, kodi yafa?

Sinafe, yagona. Chonde musataye mphikawo. Gloxinia yanga yoyamba ndinaitaya pa nthawi ngati imeneyi, ndikukhuthula dothi n'kuona chinthu chabulauni cholimba chikugubuduka, osadziwa kuti moyo wonse wa duwalo unali mmenemo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka. Masamba ndi maluwa ndi za nyengo imodzi, koma mbatata imakhala zaka zambiri ndipo chaka chilichonse imakula n'kubereka kuposa chaka chatha.

Mukaona kuti masamba atsopano asiya kutuluka ndipo akale ayamba chikasu, lekani feteleza, chepetsani madzi pang'onopang'ono kwa masabata atatu kapena anayi mpaka kusiyiratu. Musathothole masamba adakali obiriwira, chakudya chomwe chili mmenemo chikubwerera m'mbatata. Akauma okha dulani tsinde n'kusiya kachitsa ka sentimita imodzi.

Kusunga kuli pawiri. Chophweka ndi kuisiya mumphika momwemo n'kuuika pamalo amdima, ozizirako, madigiri 10 mpaka 15, ndipo kamodzi pa mwezi muzidonthezera masipuni awiri kapena atatu a madzi m'mphepete kuti isaume n'kukhwinyata. Njira ina ndi kuifukula, kusasa dothi, kuiumitsa pamthunzi tsiku limodzi kapena awiri, kenako kuiika m'thumba momwe muli peat, vermiculite (timiyala topepuka tosunga chinyezi) kapena mchenga wachinyezi chapatali kwambiri. Ubwino wa njira yachiwiriyi ndi woti mumaiona, ikayamba chuku kapena kuphuka mumadziwa msanga. Mufiriji musaikemo, mumazizira mopitirira. Lembani dzina kapena mtundu wa duwa pakapepala, chifukwa mbatata zonse zimafanana ndipo pakatha miyezi itatu simudzakumbuka kuti yofiira ndi iti.

Kugonaku kumatenga miyezi iwiri kapena itatu, zina mpaka inayi. Zomera zazing'ono zochokera ku njere kapena kutsamba zomwe mbatata yake idakali ngati nsonga ya chala musazigoneke chaka choyamba, zipitirize kukula, chifukwa zilibe nkhokwe yoti zipirire miyezi yopanda madzi.

Nanga ndiidzutsa bwanji?

Imadzuka yokha. Mukangoona timphukira, ifukuleni, chotsani dothi lakale ndi mizu youma, muidzale m'dothi latsopano monga ndafotokozera pa mafunso a mphika ndi kakwiriridwe, n'kuibweretsa powala. Musachedwe nayo mumdima, mphukira zimatalika zoyera zofooka. Miyezi inayi ikadutsa ili zii koma ili yolimba, itsukeni ndi madzi ofunda, muiike m'pulasitiki yoonekera ndi dothi lachinyezi lodzaza dzanja, pamalo owala ofunda. Zambiri zimaphuka pasanathe masabata awiri.

Ndinachita zonsezo koma sinadzuke, ndinalakwitsa pati?

Mwina simunalakwitse. Ma gloxinia ambiri ogulitsidwa ali kale ndi maluwa amachokera ku njere, ndipo mitundu yake anaipanga kuti izimasula msanga ili yaing'ono, nde mphamvu zonse zimapita ku maluwa, mbatata n'kutsala yaing'ono yosatha kudutsa nthawi yogona. Mitundu yakale yogulidwa ngati mbatata ndiyo yodalirika pa kudzuka. Kupatula apo, mukafukula n'kupeza yaphwetera ndiye kuti madzi anachuluka kapena kunazizira kwambiri, mukapeza youma yopepuka ndiye kuti inakhala potentha popanda dontho.

Ndingaichulukitse bwanji?

Njira yomwe ndimaikonda ndi ya tsamba. Sankhani tsamba lathanzi lapakatikati, osati lokalamba, lidule ndi lumo loyera n'kusiya phesi la masentimita awiri kapena atatu, lizikeni mopendeka m'dothi lopepuka lachinyezi, vindikirani ndi botolo lapulasitiki lodula pakati ndipo muzitsegula pang'ono tsiku lililonse. Pakatha mwezi kapena kuposerapo, kumapeto kwa phesi kuja kumatupa n'kupanga kambatata kakang'ono koyera, ndipo kuona kanthu kameneko koyamba ndi chimwemwe chosaneneka. Nthawi zina tsamba limauma kaphukira kasanatuluke, musataye, pansi pali kambatata kakudikira. Zochokera kutsamba nthawi zambiri zimabereka maluwa ofanana ndi a mayi wake.

Mbatata yaikulu yokhala ndi mphukira zingapo mutha kuidula ndi mpeni wakuthwa, chidutswa chilichonse chikhale ndi mphukira yake, pabalapo mupake makala osinja n'kuumitsa masiku awiri musanadzale. Koma njira iyi imaoletsa zambiri, nde ngati muli nayo imodzi yokha musaiyese.

Njere zake ndi ngati fumbi. Zimawazidwa pamwamba pa dothi osakwirira chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere, pamadigiri 21 mpaka 24 zimamera m'masabata awiri kapena atatu, maluwa pakatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi.

Ndi tizilombo titi timaivutitsa?

Oopsa kwambiri ndi thrips, tating'ono towonda tobisala m'maluwa. Mukaona mungu utamwazika pa duwa popanda woligwedeza, kapena mizere yotuwa pamaluwa, gwedezerani duwalo papepala loyera ndipo mutiona tikuyenda. Kuipa kwake timafalitsa ma vairasi, makamaka wotchedwa INSV, yemwe amabweretsa mawanga a mphete aja, ndipo chomera chikagwidwa palibe mankhwala, chimatayidwa pamodzi ndi mbatata ndi dothi lake. Pali cyclamen mite wosaoneka ndi maso, chizindikiro chake ndi timasamba tapakati tolimba, topindika, taubweya wambiri. Pali akangaude ofiira omwe amakonda mpweya wouma, nsabwe za zomera, ndi tija toyera ngati thonje tomwe mungatichotse ndi kathonje konyika mu spiriti. Timantchentche takuda touluka pamwamba pa dothi tikutanthauza kuti mukuthirira kwambiri. Chomera chatsopano chilichonse chizikhala pachokha masabata atatu musanachisakanize ndi zinzake, ndipo mankhwala opopera aliwonse muziyesa kaye patsamba limodzi popeza masamba aubweyawa amapsa msanga.

Mbatata yayamba kuola, ingapulumuke?

Ngati mwaipeza msanga, eya. Ifukuleni, tsukani, dulani pofewa ponse mpaka mufike pa mnofu wolimba wopanda mizere yakuda, pakani makala osinja, iume pamthunzi masiku awiri, ndipo muidzale m'dothi latsopano mumphika wotsukidwa bwino, madzi pang'ono kwambiri. Ngati kuola kwafika pakakumba pomwe mphukira zimatulukira, mbatatayo yapita, koma thamangirani kudula tsamba lomwe lidakali lolimba mulizike monga ndanenera pa kuchulukitsa, mtundu wanuwo usathe.

Ndili ndi mphaka ndi galu m'nyumba, ilibe poizoni?

Ilibe, bungwe loteteza nyama la ASPCA la ku America linaiika pagulu la zomera zosavulaza amphaka ndi agalu. Komabe iikeni patali, masamba ake amathyoka mosavuta mphaka akangodumphirapo.

Ndagula yolembedwa kuti hardy gloxinia, ndi yomweyi?

Ayi, imeneyo ndi Incarvillea delavayi, duwa la panja lochokera ku China, la banja lina ndithu, langofanana maonekedwe a maluwa. Muzu wake ndi wautali wolowa pansi, limadzalidwa m'munda ndipo limapirira kuzizira. Zomwe zalembedwa pano musaligwiritsire ntchito, ndipo pogula muziyang'ana pa paketi kuti palembedwa Sinningia speciosa.